Miyezi 14 chiikitsireni ma implant: bere lakumanja ndi langa, lakumanzere likadali pa koteshoni

Lachiwiri lapitali ndinalandira koteshoni ya R43,500, yokonzera bere lakumanzere limene lauma, kuchokera ku ofesi ya adokotala amene anandichita opaleshoni ya mabere mu Epulo chaka chatha. Ndinaiwerenga nditaima pakhomo pa saluni yanga ku Rosettenville kuno ku Joni, kasitomala ali pampando, mutu wolukidwa mbali imodzi. Madzulo a tsiku lomwelo mlamu wanga wa ku Cosmo City, yemwe sankadziwa kanthu za pepalalo, ananditumizira voisi: "Alamu, inetu ndatsimikiza mtima, ndikufuna ngati anuwo. Munaikitsa ma cc angati?" Mpaka lero za ma cc-zo sindinamuyankhe, chifukwa funso lakelo ndi lomwe lija ndinkafunsa ine, ndipo ndi limene linanditayitsa nthawi.

Kwa akumudzi, ndikati implant sindikunena ya kulera yapamkono ija. Awa ndi timatumba ta silicone tomwe amaika mkati mwa bere. Ndili ndi zaka 38, ndayamwitsa ana atatu, womaliza mpaka zaka ziwiri monga amatiuzira kusikelo. Atasiya kuyamwa, mabere anasanduka mapatapata. Pagulu ndinkaseka nawo, koma kubafa ndinkapewa galasi. Opaleshoni yoikitsa ma implant, zonse pamodzi, inandidyera R71,000, chipereganyu changa kawiri ndi kapamwamba, chifukwa medical aid salipira zodzikongoletsa.

Miyezi itatu ndisanapite, manambala anandizunguza mutu. Ma implant amayezedwa mu cc, ndipo cc imodzi ndi chimodzimodzi ml imodzi. Ndinkatenga mpunga wa Kilombero umene mayi ananditumizira pa basi, kuuyeza mujagi, kuuthira m'sokosi, kumanga, kenako kuika mu bra n'kumayenda nawo m'nyumba. Bambo a ana anandipezerera tsiku lina nati, "Kodi mayi, mpunga tsopano tikusungira mmenemo?" Ine mtima unali pa 450. Ndinkati ngati ndikutaya ndalama zonsezi, aliyense aone kumene zapita.

Adokotala sanayambire pa nambala yangayo. Anatenga kachida koyezera n'kuyeza mulifupi mwa bere, kuchokera pakati pa chifuwa kufika cha kukhwapa: masentimita 12. Anatsina khungu la pamwamba kuti aone kukhuthala kwake. Kenako anati chifuwa changa ndi chimene chisankhe, osati zithunzi za pa Instagram. Implant ya 450 ndi yotakata kuposa chifuwa changa, ikanasefukira kukhwapa, ndipo m'mbali mwake mukanamaoneka makwinya pansi pa khungu. Iwo anati 325 ya moderate plus. Ine ndinachita tsinya.

Apa m'pamene ndinamvera za profile. Ganizirani mtanda wa nsima. Nsima yomweyo mutha kuiphwathalalitsa m'mbale, kapena kuiumba yopapatiza koma yotumphuka. High profile ndi yotumphukayo: pansi pake m'popapatiza, ndiye ma cc ambiri amakwana pa chifuwa chaching'ono. Moderate plus ndi yotumphuka pang'ono chabe. Tinagwirizana 375 ya high profile, yomwe imakwanabe pa masentimita 12 aja. Ndinatuluka ngati ndawina mlandu. Nditafika kunyumba ndinayeza kusiyana kwa 325 ndi 375, ndipo anali masupuni atatu a chakudya ndi kadontho. Masabata onse aja ndinkalimbirana masupuni atatu.

Za maonekedwe sitinachedwepo. Pali ozungulira, pali ooneka ngati dontho la madzi, amene amati teardrop. A teardrop ambiri amakhala okhakhala kunja kuti asatembenuke, chifukwa akatembenuka bere limapindika. Okhakhalawo ndi amene agwirizanitsidwa ndi khansa yosowa ija yotchedwa BIA-ALCL, ndipo mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pamsika mtundu wake wa Biocell pa chifukwa chimenechi. Ndinasankha ozungulira, osalala. Ukaimirira silicone amatsikira pansi yekha, ndiye amaoneka ngati dontho ndithu. Pamenepa sindinong'oneza bondo ngakhale pang'ono.

Funso limene ndinaliyankha mothamanga, ngati ndikusankha mtundu wa mesh, linali lakuti implant ikhale pamwamba pa mnofu wa pachifuwa kapena pansi pake. Pansi pa mnofu zimapweteka kwambiri ndipo mikono imachedwa kubwerera. Ine ndimadya ndi mikono. Box braids imodzi ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi mikono ili m'mwamba, ndipo lendi ya saluni sidikira munthu achire. Ndinati pamwamba. Adokotala ananena, ndisawanamizire, kuti implant yosalala ikakhala pamwamba pa mnofu mpata wakuti bere liume umakulirapo. Ndinamva, ndinagwedeza mutu, ndinasaina. Mutu wanga unali ukuwerengabe ma cc.

Zambiri zayenda bwino. Chipsera chili m'mphindiko ya pansi pa bere, ndipo ngakhale ndinkaopa keloid, chipsera chotupa chija, monga ife akhungu lakuda timachitira, ndinamata tepi ya silicone miyezi itatu n'kutsala kamzere chabe. Nsonga ya bere lakumanja inachita dzanzi miyezi inayi kenako inadzuka. Msana sundipweteka ngakhale ndasenza magalamu pafupifupi 750 pachifuwa. Kuntchito ndinabwerera pa tsiku la 12. Milungu yoyamba anali m'mwamba ngati andimata mabanzi pansi pa khosi, ndinalira ndithu, koma pofika mwezi wachinayi anatsika n'kufewa monga anandilonjezera. Chimene sanandiuze ndi kuzizira: Juni wa kuno ku Joni ndikatuluka m'mamawa kukakwera taxi, amazizira ngati ndabisa mabotolo a mufiriji m'malaya, ndipo amachedwa kufunda.

Mwezi wachisanu mpaka wachisanu ndi chiwiri, mukanandifunsa ndikanakuperekezani ndekha kwa adokotalawo. Telala wanga wa ku Yeoville anandisokera diresi ya chitenje yopanda zotchinjiriza zilizonse, inakhala ngati andiumbira pathupi. Pa ukwati wina ku Turffontein ndinavina mpaka nsapato kuzivula.

Vuto ndinalizindikira mu Disembala, pa basi yopita kumudzi. Amene munayendapo mukuudziwa ulendowu: Park Station, Beitbridge usiku, kudutsa Zimbabwe, Tete ndi kutentha kwake, kenako Mwanza, masiku awiri uli pampando umodzi. Mwana wanga womaliza anagona atatsamira pachifuwa panga kumanzere. Tili pamzere wa pa boda anadzuka, nagogoda ndi kachala kake nati, "Amami, apa pali mwala?" Ndinamuseka. Koma nditalowa kuchimbudzi ndinagwira onse awiri. Lakumanja linkabonyoka ngati mkate wa lero. Lakumanzere linali ngati mango osapsa.

Kumudzi sindinauze munthu. Mayi anandiyang'ana masiku atatu osanena kanthu, kenako tikusenda chinangwa anangoti, "Mwanawe, wanenepa malo amodzi." Ndinati ndi bra za ku Joni. Iwo anati, "Eya, zikuoneka," napitiriza kusenda.

Dzina lake ndi capsular contracture. Thupi likaona chinthu chachilendo limachikuta ndi kachikopa kopyapyala, ndipo zimenezo zimachitika kwa aliyense amene ali ndi implant. Kwa ena kachikopako kamakhuthala n'kuyamba kukungika, kumafinya implant ngati mfundo ya thumba la shuga. Madokotala amaganizira tizilombo tochepa tomatirira pa implant kapena magazi otsalira mkati, koma mwini wakewe suchita kulakwa kanthu. Amaika m'magulu anayi otchedwa Baker. Loyamba ndi bere lofewa bwinobwino, lachiwiri lolimbirako koma looneka bwino, lachitatu lolimba ndiponso lasintha maonekedwe, lachinayi lopweteka. Mu Disembala ndiyesa ndinali pa 2. Lero ndili pa 3.

Tsiku ndi tsiku zimakhala chonchi. Lakumanzere lakwera ndi zala ziwiri kuposa linzake ndipo laundana ngati mpira wa tenesi. Ndikagona chagada lakumanja limatsetserekera m'mbali monga bere limachitira, linzakelo limangoloza kudenga. Chafufumimba sindigonanso. Ndikaweramira kasitomala pa sinki yotsukira tsitsi ndimamva kukoka pansi pa khwapa, ndipo pofika 4 koloko ndimakhala ndikusinthasintha phewa. Diresi ya chitenje ija ili m'sutikesi, chifukwa khosi lake limaonetsa kuti mbali imodzi yatsogola. Panopa ndimaika kasiponji pansi pa bere lakumanja kuti likwere lifanane ndi lodwalalo. Tangoganizani, R71,000, ine n'kubwereranso ku siponji. Choipitsitsa ndi kukumbatirana kutchalitchi. Ndaphunzira kupereka phewa lakumanja.

Tsopano za ofesi ija. Ndisanalipire, mayi wa pa desiki ankayankha WhatsApp ndisanatsitse n'komwe foni. Khofi, mabisiketi, kunditchula dzina ngati tinakulira limodzi. Pa 9 Januwale ndinawalembera kuti bere lalimba, ndi zithunzi zomwe. Anayankha patapita masiku anayi kuti ndizilisisita ndidikire, zimatha zokha. Mu Febuluwale ndinalembanso, anandipatsa tsiku la kumapeto kwa Malichi. Litayandikira analisuntha, akuti adokotala achokapo, mpaka Meyi. Nditafika mu Meyi ndinalipira R1,200 yoonana ndi adokotala, ndi R1,800 ya sikani yotsimikizira kuti implant sinaphulike. Sinaphulike.

M'mapepala amene ndinasaina munali mzere wakuti vuto likapezeka mkati mwa miyezi 12, adokotala akonza osalandira malipiro awo. Meyi unali mwezi wa 13. Waranti ya kampani yopanga, imene pogula ankaitchula ngati inshuwalansi ya moyo wonse, ikupereka implant yatsopano yokha. Fiyeta, dokotala wogonetsa, bedi, mankhwala, zonsezo n'zanga. Ndiye koteshoni ya Lachiwiri ija inali R18,000 ya adokotala ndi R25,500 ya zotsalazo.

Usiku umenewo ndinkafuna kungowachotseratu onse awiri ndibwerere ku mapatapata anga. Koma kuchotsanso ndi opaleshoni, ndi ndalama, ndipo khungu lotambasulidwa ndi 375 silibwerera pomwe linali. Kutacha ndinavala bulauzi yakuda, ndinadziona pagalasi la mu saluni, ndinati ayi, mayi uyu ndikumukonda. Maganizo anga akusintha chonchi kawiri patsiku.

Lachinayi ndinatseka saluni theka la tsiku, ndinakwera ma taxi awiri, ndinakakhala pa benchi yawo popanda apointimenti. Ndinauza wa pa desiki kuti sindichoka. Patatha maola awiri adokotala anandilowetsa. Sindinakalipe. Ndinangoika foni patebulo, uthenga wa pa 9 Januwale uli poyera ndi tinkhwani take tiwiri ta buluu. Anawerenga, anapukusa mutu, ndipo zinaoneka kuti uthengawo unali usanawafikepo. Anati R18,000 yawo aichotsa. Kunena zoona, bambowa ntchito amaidziwa, ndipo ndisanapite kwa iwo ndinafufuza dzina lawo m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kuno ku South Africa, n'kupeza kuti ndi plastic surgeon weniweni, osati dokotala wamba wongogula makina. Chimene chinandipweteka ndi khomo lawo, osati mpeni wawo.

Zimene akufuna kuchita ndi kuchotsa kachikopa kouma kaja, kusamutsira implant pansi pa mnofu, ndipo kuti afanane ayenera kutsegula mbali zonse ziwiri. Anandichenjeza kuti vutoli limatha kubwereranso. Saizi imene akulangiza ndi 325, moderate plus. Anainena osandiyang'ana kumaso, ine ndinangoyang'ana pansi. Ndifunika milungu yosachepera inayi osaluka tsitsi, ndipo ndalama imeneyo pa koteshoni palibe, koma ndi imene ikundisowetsa tulo. Pamwamba pa izo, ma implant si a muyaya. A FDA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi zida zachipatala ku America, amalangiza sikani pakatha zaka 5 kapena 6, kenako zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, ndipo tsiku lina adzafunika kusinthidwa ndithu. Ine pokonza bajeti ndinawerengera opaleshoni imodzi, ngati ndikugula firiji.

Mlamu wanga ndi wamtali kundiposa, chifuwa chake n'chotakata, sanayamwitsepo. 375 yanga pa iye ingaoneke yaing'ono, kapena ingamukhale bwino, zimenezo zidziwika akamuyeza. Ndamuuza abwere Loweruka kusaluni titatseka. Ndimugwiritsa mabere onse awiri ndi dzanja lake, kenako ndimuonetsa mzere wa miyezi 12 uja, ndipo akakapita kwa dokotala wake akafunse kuti miyeziyo amayamba kuwerenga tsiku lodandaula kapena tsiku loonedwa, yankho lake alembe pa pepala.

Koteshoni yatsopano ya R25,500 anati anditumizira Lachisanu. Lero ndi Lolemba. Ndalemba kawiri, tinkhwani tasanduka buluu. Chipereganyu changa chikubwera mu Okutobala, R30,000, imene ndinali nditalonjeza kale mayi kuti ndi ya malata.