Kutalika kwa chishalo cha njinga: kufika pansi, chidendene kapena tepi?

Ndimapalasa njinga kuchoka ku Chilomoni kupita kuntchito ku Limbe. Kale ndikangodutsa Ginnery Corner n'kuyamba chitunda cha ku Chichiri, mawondo ankawotcha kutsogolo kwake ngati wina wathirapo tsabola. Ndinkati vuto ndi kuuma kwa chishalo, choncho ndinamangirirapo siponji ndi mphira za chubu. Sizinaphule kanthu. Chishalocho sichinali cholakwa, chinali chotsika kwambiri basi. Kuchokera pamenepo ndayesa njira zitatu zotchera chishalo, ndipo nazi mmene ndaziwonera m'misewu yathu yazitundayi.

Yoyamba ndi imene tinakula nayo tonse: ukakhala pachishalo, mapazi onse awiri afike pansi bwinobwino. Sindiinyoza njirayi. Minibasi ikakuimira mwadzidzidzi kutsogolo, kapena ukamadutsa m'chipiringu cha anthu pamsika wa Limbe, umangoponda pansi osachita mantha. Anzathu a kabaza ndi onyamula matumba a chimanga pakeliyala ali ndi chifukwa chomveka choikondera, pakuti njinga yolemedwa ikayamba kupendeka siidikira munthu. Kwa mwana amene akuphunzira kumene, palibenso ina yoposa iyi. Koma mtengo wake amalipira ndi mawondo. Chishalo chikatsika, bondo limapindika kwambiri pamene pedulo ili pamwamba, ndipo ndi pomwepo pamene umayamba kukankha mwamphamvu. Mwendo suwongoka ngakhale kamodzi, ntchafu zimatopa msanga. Ku Nsanje kapena ku Salima, kumene msewu wagona, munthu angathe kupirira. Kuno kwathu, kukwera ku Bangwe kapena ku Ndirande panjinga yopanda magiya, umamva ndithu kuti china chake chikuwonongeka.

Yachiwiri ndi ya chidendene, ndipo ndi imene ndimaikhulupirira. Imikani njinga pafupi ndi khoma, khalani pachishalo mutagwira khomalo ndi dzanja limodzi. Tsitsani pedulo ifike pansi penipeni, n'kuikapo chidendene. Mwendo uyenera kuwongoka wonse popanda chiuno kupendekera mbali imeneyo. Ngati bondo likadali lopindika, kwezani chishalo. Ngati chidendene chikuchoka papedulo, tsitsani. Tsono pokwera zenizeni simupalasa ndi chidendene ayi, mumaponda ndi kutsogolo kwa phazi, pamene payambira zala, ndipo bondo limatsala lopindika pang'ono monga liyenera kukhalira. Chitani izi mutavala nsapato zomwe mumayendera masiku onse, chifukwa mapatapata ndi jombo sizifanana kunenepa kwa pansi. Ndi bwinonso mnzanu ayime kumbuyo akuoneni mukupalasa: matako akamagwedezeka uku ndi uku, mwakweza mopitirira, ndipo posakhalitsa mudzamva kukoka kuseri kwa bondo.

Chovuta cha njirayi ndi chimodzi. Mukaima, pansi pamangofika zala zokha, ndipo masiku oyamba mtima umakhala m'mwamba. Mankhwala ake n'kuzolowera kutsetsereka kutsogolo, kuchoka pachishalo, nthawi iliyonse mukagwira mabuleki kuti muime. Ine zinanditengera pafupifupi sabata. Pambuyo pake chitunda cha ku Chichiri chinapepuka mochita kudabwitsa, njinga yomweyo, miyendo yomweyo.

Yachitatu ndi ya masamu. Inatchuka ndi Greg LeMond wa ku America, amene anapambana mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990. Mumaima opanda nsapato msana uli kukhoma, n'kupanikiza buku pakati pa miyendo molikweza ngati mwakhalira chishalo, kenako wina ayeze ndi tepi ya telala kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Nambalayo muichulukitse ndi 0.883. Mwendo wa masentimita 80 umapereka 70.6, ndipo muyeso umenewu umayambira pakati pa chitsulo cha m'munsi mwa felemu chimene chimalumikiza mikono iwiri ya mapedulo kukafika pamwamba pa chishalo. Imamveka yaukatswiri, koma kumbukirani kuti inapangidwira njinga zampikisano, za chishalo chouma. Pa njinga za Humber kapena Hero, chishalo chili ndi masipuling'i ndipo chimabwerera pansi mukangokhalapo, choncho nambala yapapepala siikhalanso yoona. Ubwino wa tepi ndauona pena: ngati njinga mumabwerekana pakhomo, mukapeza malo anu yezani, lembani, kapena zungulizani kachidutswa ka tepi yomatira pachitsulo cha chishalo, kuti achimwene akabweza njinga musayambenso kufufuza.

Ndiye ndingasankhe iti? Woyenda mtunda wautali yekha ayambe ndi chidendene. Wa kabaza ayambenso ndi chidendene chomwecho, kenako atsitse pang'ono mpaka zala zigwire pansi molimba, osati kutsitsiratu mpaka mapazi onse agone. Posintha, musalumphe. Mamilimita 5 pa nthawi imodzi ndi okwanira, muyende nayo masiku awiri kapena atatu thupi likuuzeni lokha.

Za siponji zija ndisazisiye m'malere. Kulemera kwa munthu kumayenera kukhala pa mafupa awiri a m'matako. Siponji yochuluka imamiza mafupawo, kulemera n'kusamukira pakati pamene pali mitsempha, ndiye dzanzi limayamba, kuwonjezapo zotupa za thukuta m'nyengo yotentha ya Okutobala. Chishalo chachikulu chimayenerana ndi njinga imene umakhala chowongoka, mahandulo ali m'mwamba. Pa mauntini baiki, pamene umawerama, chachikulucho chimangokhula ntchafu, ndipo chaching'ono ndicho chabwino ngakhale chimaoneka chankhanza m'maso. Mphuno ya chishalo ikhale yogona molingana. Ikaloza kumwamba imafinya, ikaloza pansi umatsetserekera kumahandulo, manja ndi mapewa n'kumasenza katundu amene si wawo.

Chinthu chimodzi chokha ndikupemphani musachiphonye. Pachitsulo chimene chimanyamula chishalo, opanga ambiri amaikapo mzere wosonyeza polekezera. Mzerewo usaonekere kunja kwa felemu. Mukaukweza kupitirira pamenepo, chitsulo chingathe kupindika kapena kung'amba felemu tsiku limene mwagunda dzenje mukutsetsereka. Ngati mwafika pamzere koma mwendo sunawongoke, pitani kwa amakanika a njinga mukafune chitsulo chotalikirapo, ndipo mutenge chakalecho m'manja, chifukwa zitsulozi zimasiyana kunenepa ndipo chosalingana sichigwira ngakhale mumange bawuti chotani.