Chitetezo mbaula m'khola la anapiye

Kuno ku Nchalo timadziwika ndi kutentha, koma mu June ndi July chiperoni chikafika, m'bandakucha kumazizira zedi. Anapiye a Mikolongwe osakwana masabata atatu amaunjikana pakona n'kupondana mpaka kufa.

Chaka chino ndikuwaothetsa moto ndi chitetezo mbaula, yadothi ija, ndipo ndaikonda. Ndikatha kuphika ndimasiyamo makala oyaka bwino, osafuka utsi, n'kuikhazika pa njerwa pakati pa khola. Ndimaizinga ndi waya kuti anapiye asapse komanso utuchi usagwire moto. Dothi limasunga kutentha kuposa mbaula yachitsulo.

Vuto lake, moto sufika m'mawa. Cha m'ma 3 koloko ndimadzuka kukawonjezera makala. Ndipo chonde musatseke khola lonse ndi masaka. Siyani mpata pamwamba, mpweya wa makala umapha.