Summer flounder kapena winter flounder: muwedze iti?

Anzanga okonda mbedza, kumathiriro a mitsinje ya kum'mawa kwa America, monga Narragansett Bay ndi Long Island Sound, kumakhala nsomba ziwiri zophwatalala zomwe ongoyamba kumene amazisokoneza. Zonse zimagona pansi chammbali, maso onse awiri ali mbali imodzi. Koma malo amodzimodziwo zinagawana mochita kupatsana mpata.

Summer flounder, yomwe asodzi a kumeneko amangoiti fluke, imalowa m'mathiriro madzi akayamba kufunda cha mu Meyi. Pofika Okutobala imakhala ikubwerera kunyanja yakuya kukaikira mazira. Winter flounder imachita zosiyana: imayandikira kugombe kukazizira, n'kuikira mazira omata pansi m'mathiriro momwemo chisanu chili pachimake. Magazi ake ali ndi mapulotini oteteza kuti asaundane, choncho madzi omwe inzake imawathawa iyo ndiye kwawo.

Mukaigwira, yang'anani kukamwa. Fluke ili ndi chikamwa chachikulu cha mano akuthwa, maso ali kumanzere. Imadzikwirira mumchenga n'kumadikirira tinsomba, ndipo ikaona nyambo ikuyenda imaithamangitsa mpaka pamwamba. N'chifukwa chake poiwedza bwato mumalisiya lizitengeka ndi madzi, nyambo ikukhwekhwereza pansi. Mukangoika nangula, mwadzichepetsera mwayi nokha. Imakulanso ndithu: ina yomwe inagwidwa ku Montauk, m'dera la New York, mu 1975 inkalemera makilogalamu oposa 10.

Winter flounder ndi yakakamwa kakang'ono, maso kumanja, ndipo imatola nyongolotsi ndi tizilombo tina ta m'matope. Iyi ndiye yofuna nangula, kambedza kakang'ono, nyongolotsi ndi kudekha. Kadyedwe kake n'kongonyomola, moti wosazolowera amangodabwa nyambo yatha. Mbedza ya fluke singalowe m'kamwa mwake n'komwe.

Ineyo mtima wanga uli pa fluke, sindibisa. Imalimbana nawe, komanso umawedza dzuwa likuwala, zala zisakuuma. Winter flounder ndimaiyamikira kuti nyama yake ndi yokoma, ndipo imapezeka nthawi yomwe nsomba zina zambiri kulibe. Vuto n'lakuti kum'mwera kwa New England, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa America, inachepa kwambiri, motero malamulo ake ndi okhwima: nsomba zololedwa kutenga n'zochepa.

Cha mu Epulo ndi Meyi, ina ikutuluka ina ikulowa, zimatha kukumana m'madzi amodzi. Masabata amenewo nyamulani mbedza zamitundu yonse iwiri.