AVS kapena stabilizer: eyakoni ikamakana kuyaka ku Mangochi

Okutobala akafika, dzuwa la ku Mangochi silichita masewera, ndipo ndi pomwe maeyakoni ambiri amakana kuyaka, makamaka madzulo nyumba zonse za thiransifoma imodzi zikamakoka magetsi. Musanagule chilichonse, onani mabatire a rimoti ndi bulekala, ndipo magetsi akangobwera dikirani mphindi 3, poti makina ambiri amachedwetsa dala kompulesa (injini yopopa gasi woziziritsa). Kenako yezani ndi mita yoyezera mavolti pamene eyakoni imatengera magetsi. A ESCOM amayenera kukhala 230V.

Mita ikaonetsa 220V kapena kuposerapo, koma chigawo cha eyakoni chapanja chikungong'ung'udza n'kuzima, magetsi alibe mlandu. Kawirikawiri ndi kapasita, chipangizo chothandiza kompulesa kudzuka, ndipo mudzaipeza itatupa pamwamba. Gulani ya µF (muyeso wa kukula kwake) zofanana ndi zolembedwa pa yakaleyo. Imasunga moto ngakhale mutazimitsa bulekala, choncho osaigwira ndi manja.

Mpikisano wa AVS ndi stabilizer, zipangizo ziwiri zoikidwa pakati pa magetsi ndi eyakoni, umayamba mita ikamatsikira ku 180V. Apo kompulesa wamba, imene poyamba imakoka moto kanayi kapena kasanu kuposa ikamayenda, imalephera kudzuka ndipo imatentha.

AVS (Automatic Voltage Switcher) ndi mlonda chabe. Magetsi akatsika kapena kukwera mopyola, imadula, imadikira kuti akhazikike, n'kulumikizanso. Ndi yotsika mtengo, yaing'ono, ndipo ya 30A imakwanira eyakoni ya m'nyumba. Koma siiwonjezera ngakhale volti imodzi. Ngati kwanu magetsi amafooka madzulo alionse, kompulesa ipulumuka, inu mugona ndi thukuta.

Stabilizer imakweza magetsi ofookawo kuti makina adzuke. Vuto lake ndi saizi. Eyakoni ya 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yoziziritsa) ipatseni stabilizer ya 3kVA, ya 18,000 BTU 5kVA. Stabilizer yaing'ono imagonja kompulesa ikamayamba. Nayonso imatentha, ndiye isakhale m'kabati. Ndipo ngati waya wochokera ku bokosi la mabulekala ndi wochepera 2.5mm², yambani mwasintha wayayo.

Pa eyakoni ya inverter, imene kompulesa yake imasintha liwiro, AVS ndiyo yoyenera. Makinawa amayamba pang'onopang'ono ndipo ambiri amapirira magetsi ofooka. Chimene chimafa ndi bolodi yamagetsi yoyendetsa makinawo, magetsi akabwera mwamphamvu atazima. Pa yakale yopanda inverter, kumalekezero a laini, stabilizer ndiyo imayatsa.

Zonse zili bwino koma chapanja chili zii? Zimitsani bulekala, mutsegule chivundikiro. Kunyanja kuno nalimata amakonda kufunda kwa bolodi, ndipo akagunda mawaya awiri amapsera pomwepo pamodzi ndi fyuzi.