Galaja ya ku Kanengo imene imayamba yayeza mabuleki a ngolo isanawamange

Pakati pa magalaja okonza magalimoto akuluakulu ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe, pali ina yaing'ono imene imadziwa bwino mabuleki a mpweya a ngolo za mathiraki, ndipo eni magalimoto amene amatsika mapiri a Chiweta kapena otsetsereka a ku Chikwawa atasenza katundu wolemera ayenera kuiganizira. Ngolo yathu ya maekiselo atatu opangidwa ndi kampani ya BPW, imene imanyamula feteleza kuchokera ku Beira, inapita kumeneko chifukwa dalaivala ankadandaula kuti akaponda buleki, ngoloyo imakankha hosi, mutu wa thiraki umene umaikoka, m'malo moima nayo limodzi.

Chimene chinandigwira mtima nchakuti makaniko wamkulu sanathamangire sipanala. Anatchinga matayala ndi matabwa, anadikira kuti mpweya udzaze m'mathanki, anamasula buleki yoimikira, kenako analemba chizindikiro ndi choko pa push rod iliyonse (kachitsulo kamene mpweya umakankha kuti buleki igwire) pamene imatulukira mu chamber, kachitini kolandira mpweyawo. Mnyamata wake ataponda buleki mpaka pansi, iye anayenda tayala ndi tayala akuyeza ndi tepi kutalika kwa chitsulo chimene chatuluka. Pa chamber wamba ya Type 30 malire ake ndi mamilimita 51, ndipo mbali ziwiri zinali zitapitirira malirewo, kutanthauza kuti matayala amenewo sankagwira mokwanira pamene ena anayi ankasenza ntchito yonse n'kumatentha. Anthu ambiri omanga mabuleki m'mbali mwa msewu amangopotokola ma slack adjuster (zipangizo zomangira mabuleki) onse mofanana, ndipo vuto lotere saliona.

Kamangidwe kake kanalinso kosamala. Pa slack adjuster zomanga ndi manja, ankamanga mpaka lining (chokhuzira cha buleki) itakhudza drum, chitsulo chozungulira limodzi ndi tayala, n'kubweza pang'ono, kenako n'kugogoda drum ndi sipanala kuti amve ngati ikulira momasuka, asanayezenso ndi tepi. Atafika pa ekiselo ya kumbuyo, imene mwini wake woyamba anaikapo ma slack adjuster odzimanga okha, anakana kuwakhudza. Anafotokoza kuti chipangizo chodzimanga chokha chikalekerera push rod kupitirira malire, ndiye kuti chatha kapena pali china chimene chikugwedera, ndipo kuchimanga ndi manja kumangobisa vutolo kwa masiku ochepa. Atakoka ndi dzanja S-cam, chitsulo chimene chimakankhira ma lining ku drum, tonse tinaiona ikuseweretsa m'mabushi ake amene anali atadyeka. Pamenepa mpamene ndinakhulupirira kuti munthuyu ntchito yake amaidziwa.

Drum imodzi itatsegulidwa, lining inapezeka yonyowa ndi girisi wochokera pa seal yong'ambika, ndipo iye anaumirira kuti ma lining asinthidwe mbali zonse ziwiri za ekiseloyo kuti ngolo isamakokere mbali imodzi. Anasinthanso timphira ta pa mapaipi ofiira ndi achikasu olumikiza hosi ndi ngolo. Madzi amene anatuluka m'mathanki a mpweya anali osakanikirana ndi oilo, choncho anatichenjeza kuti kompuresa ndi air dryer (chochotsa chinyezi mu mpweya) ya hosi zikufunika kuonedwa, koma ananena poyera kuti ntchito imeneyo si yake.

Zofooka ziliponso. Galajayi sisunga zipangizo, moti mabushi ndi seal tinachita kukagula tokha m'tauni, ndipo ngolo inagona komweko pa ntchito imene ikanatha dzuwa lisanalowe. Bwalo lake ndi ladothi, ndipo mvula ikagwa amakaniko amagwira ntchito atagona pa makatoni m'matope. Makina oyezera mphamvu ya mabuleki alibe, choncho amene akukonzekera COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, asayembekezere pepala lililonse la umboni. Chimene chinandidandaulitsa kwambiri nchakuti miyezo yonse imene anaitenga mosamala chotere sinalembedwe pa lisiti, pamene ikanatithandiza kuona mmene mabuleki akuthera ulendo wotsatira.

Mtengo ndi wokwererapo poyerekeza ndi wa m'mbali mwa msewu, koma amaunena ntchito isanayambe ndipo sanawonjezerepo kanthu pomaliza. Dalaivala wathu wabwerako ku Beira ndi katundu wodzaza, ndipo akuti ngolo tsopano ikuima limodzi ndi hosi ngakhale potsetsereka. Amene angapite kumeneko alawire m'mawa, atenge hosi yomwe imakoka ngoloyo kuti mpweya uyesedwe pa galimoto yeniyeniyo, ndipo apemphe kuti muyezo wa tayala lililonse ulembedwe pa lisiti asanalipire.