Aphunzitsi ndi abwino, koma woyankha madandaulo uja anandikhumudwitsa

Ndinalembetsa maphunziro ena a pa intaneti ofotokoza za kuwala ndi chiphunzitso cha Einstein, ndalama zake n'kulipiratu zonse. Mavidiyo amaoneka bwino, mawu amamveka, pamenepo palibe chodandaula.

Zinavuta pa mayeso a mlungu wachiwiri. Funso linali lakuti, chombo chikuuluka pa theka la liwiro la kuwala ndipo chayatsa nyali kutsogolo, kodi munthu amene waima panja apeza kuwalako kukuthamanga bwanji? Ndinayankha kuti liwiro ndi lomwe lija, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Kompyuta inati ndalakwa, akuti ndikanaphatikizapo liwiro la chombo. Abale, phunziro lonse lagona pomwepa! Mu 1905 Einstein anayambira pa mfundo yakuti aliyense woyeza kuwala amapeza liwiro limodzi, kaya iye akuyenda kaya waima. Ndinawalembera oyendetsa maphunzirowo mwaulemu. Patatha masiku khumi wina anandiyankha mzere umodzi wokha, kuti kompyuta silakwitsa, ndionerenso vidiyo. Ndinapsa mtima kwambiri, chifukwa alipo ophunzira ena amene anangolandira yankho lolakwikalo n'kuliloweza.

Ndinatsala pang'ono kusiya. Koma dandaulo langa litawapeza aphunzitsi enieniwo, anavomera cholakwacho pamaso pa tonse, anakonza mayeso, kenako anatifotokozera za wotchi ya kuwala. Magalasi awiri ayang'anizana, lina pansi lina pamwamba, kuwala kukunjanja pakati pake. Wotchiyo ikamadutsa mothamanga, woiona ali panja amaona kuwalako kukuyenda njira yopendekeka, yotalikirapo. Popeza liwiro silisintha, chimene chimatalika ndi nthawi. Tsiku limenelo ndinamvetsa zimene katswiri wa masamu Minkowski anatanthauza mu 1908, zoti malo ndi nthawi n'zolukanalukana, sizilekanitsika. Ndinakhala kaye chete pampando.

Phunziro la kadamsana wa mu 1919, pamene katswiri wa zakuthambo Eddington anapita ku chilumba cha Príncipe, kumadzulo kwa Africa, kukayeza mmene dzuwa limakhotetsera kuwala kwa nyenyezi, analithamangitsa kwambiri. Za mawotchi a masetilaiti a GPS, amene amatsogola mawotchi a pansi pano ndi mamaikirosekondi 38 patsiku (sekondi imodzi ili ndi mamaikirosekondi miliyoni imodzi), anangozitchula podutsa, pamene ine ndinkafuna kuona masamu ake.

Aphunzitsiwo ndingawabwererenso mawa lomwe. Koma munthu uja wa mzere umodzi sanapepese mpaka lero, ndipo mukapeza cholakwika musavutike naye, funsani aphunzitsi mwachindunji.