Ma CD atatu a Fleetwood Mac, kuchokera ku blues ya ku London kufika ku pop ya ku America

Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, monga achitira amuna ambiri a kuno ku Mangochi, anandibweretsera phukusi la ma CD atatu lotchedwa 50 Years – Don't Stop, lomwe gulu la Fleetwood Mac linatulutsa mu Novembala 2018. Muli nyimbo 50 zosanjidwa motsatira zaka. Popeza wailesi yanga yoimba ma CD inafa kalekale, ndinapita kwa anyamata okopera nyimbo pamsika wa paboma kuti andiikire pa memori khadi, ndipo ndinawachonderera kuti asasokoneze ndondomeko yake, chifukwa ubwino wonse wa phukusili wagona pa kumva nyimbozo motsatana.

Aliyense amene amalidziwa gululi kudzera mu nyimbo ya Dreams adzadabwa ndi CD yoyamba. Gululi linayambika ku London mu 1967, pamene Peter Green, katswiri wa gitala, anachoka ku Bluesbreakers ya John Mayall pamodzi ndi woimba ng'oma Mick Fleetwood, ndipo posakhalitsa John McVie anawatsatira ndi besi yake. Dzina la gulu linachokera kwa awiri otsirizawa. Nyimbo yotsegulira, Shake Your Moneymaker, ndi ya Elmore James wa ku America, ndipo Jeremy Spencer, woimba gitala wina wa gululi, amaiimba motsetsereza chitsulo pansambo. Bambo anga aakulu, amene sadziwa Chingerezi, ataimva pakhonde anati: "Imeneyi ndi hauyani, ngati ya Ndiche Mwarare." Sanaphonye kwenikweni, pakuti kalizidwe ka gitala ndi kamodzi.

Dandaulo langa lalikulu ndi lakuti blues yeniyeniyo ayipatsa malo ochepa. Makutu asanakhute, munthu wafika kale pa Black Magic Woman, imene gulu la Santana linadzaitchukitsa mu 1970, ndi Albatross, nyimbo yopanda mawu imene inafika pa nambala 1 ku Britain kumayambiriro a 1969. Ndinaimvera madzulo ena pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, Shire akuyenda mwakachetechete, ndipo ndinaona kuti Green mwiniwake anali atayamba kale kuisiya blues, gulu lisanaganize zosamukira ku America.

Mbali imene inandiphunzitsa kwambiri ndi ya pakati pa 1970, pamene Green anachoka atasokonezeka maganizo, ndi 1974. Zaka zimenezi anthu sazitchula kawirikawiri, komatu ndi mmene kusintha kunachitikira. Christine McVie, yemwe panthawiyo anali mkazi wa John, analowa mu 1970 ndi piyano yake, ndipo ngakhale anakulira mu blues ku gulu la Chicken Shack, nyimbo zake zinali zofewa ndi zosavuta kuloweza. Bob Welch wa ku America anabwera mu 1971. Ukamvera nyimbo za awiriwa motsatana, umazindikira kuti Lindsey Buckingham ndi Stevie Nicks, amene analowa kumapeto kwa 1974 gulu litasamukira ku California, anapeza munda wolimalima kale, iwo anangobzala.

CD yachiwiri ndi yomwe ambiri angaigulire phukusili. Muli nyimbo za m'chimbale cha 1975 ndi za mu Rumours ya 1977, imene inapata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana mu 1978 ndipo yagulidwa makope oposa 40 miliyoni. Anaijambula banja la John ndi Christine likutha, chibwenzi cha Buckingham ndi Nicks chikuthanso, motero anthu okhumudwitsana ankaimbirana madandaulo m'chimbale chimodzi. Gitala yolira mwachisoni ija yazimirira, m'malo mwake muli mawu atatu oimba mogwirizana, koma mukatchera khutu pansi penipeni, ng'oma za Fleetwood ndi besi ya McVie zikugunda molemera monga zinkachitira mu 1968.

Yachitatu sinandigwire mtima. Nyimbo za mu Tango in the Night ya 1987, monga Everywhere, ndi zokoma ndithu, ndipo ana a m'nyumba mwathu anaziloweza tsiku lomwelo, koma zasalala mopitirira chifukwa cha makina a mu situdiyo, ndipo zotsatira pambuyo pake zimangodzaza malo.

Mawu ajambulidwa bwino, moti ngakhale pa kasipika kanga kotchaja ndi sola besi ikumveka. Ndingalimbikitse phukusili kwa oimba achinyamata a m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, amene amapemphedwa ndi alendo kuti aimbe Dreams koma sanamvepo dzina la Peter Green, yemwe anamwalira mu Julaye 2020. Mnyamata wokopera nyimbo uja anasiya CD yoyamba yokha mu kompyuta yake, akuti adzaphunzirirapo gitala.